Masiku anayi ku Dar: ndikadya chiyani, nanga tsiku lotsalalo ndikaone kuti?

Nachisale wa pa Kamuzu Road: Odi pagulu pano. Lolemba likubwerali ndikunyamuka wa ku Dar es Salaam, ku Tanzania, kukapikula zitenje ndi nsapato za ana asukulu. Zaka zonsezi ndakhala ndikutuma achemwali anga, koma pano ali ndi khanda ndiye zagwera ine. Ndikakhalako masiku anayi. Awiri oyamba ndi a ku msika waukulu wa Kariakoo, lachitatu kumanga katundu ndi kupereka kwa onyamula, lachinayi ndilibe chochita mpaka basi ya m'mawa mwake. Mafunso anga ndi awiri. Munthu wa nsima ngati ine ndikadya chiyani osakhudza mpamba? Nanga tsiku lotsalalo ndikaone chiyani? Sindikufuna kubwerako ndikungodziwa makomo a mashopu okha.

aPhiri a thanki: Mayi, njala ku Taifa simukaiona. Ine msewu umenewo ndauyenda ndi thanki ya mafuta mpaka ndinatopa nawo. Mukangowoloka pa Songwe n'kufika pa Kasumulu, nthochi zimayamba kukulonjerani. Kuchoka pamenepo kukwera ku Tukuyu ndi nthochi zokhazokha ndi minda ya tiyi. Mukafika ku Mbeya mudye ndizi nyama, nthochi zosapsa zophika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe, ngati mbalagha ya anzathu aku Karonga. Mbale imodzi ikufikitsani ku Iringa mimba ili zii.

Amake Yankho: Koma aPhiri mwayamba ndi zakudya, osayamba ndi wotchi bwanji? Achemwali, mukawoloka mlatho wa Songwe mukankhe wotchi ola limodzi kutsogolo. Kuno ikamati 7 koloko, kumeneko ndi 8. Chachiwiri, ndipo ichi chinandiliza ine, anzathuwo amawerenga maola kuyambira dzuwa likatuluka. 7 koloko m'mawa amati saa moja, 8 koloko saa mbili. Ulendo wanga woyamba kondakitala anandiuza kuti basi inyamuka saa kumi na mbili. Ine n'kuwerenga zala, kumi ndi ziwiri, basi 12 koloko masana. Ndinadzuka mwaufulu, kusamba, kumwa tiyi, kukafika pa depoti basi itapita kalekale 6 koloko m'mawa. Tikiti inapsa. Muziwauza akulembereni pa pepala, kapena akulozereni pa foni.

Mnyamata wa mafoni ku Dwangwa: Kkkkk amake Yankho nkhani imeneyi mumaibisa bwanji masiku onsewa

Amake Yankho: Iwe, zochititsa manyazi amaulutsa? Ndanena lero chifukwa mnzanga angagwe m'dzenje lomwelo.

Nachisale wa pa Kamuzu Road: Mwandipulumutsa asisi. Nanga nsima iliko?

aPhiri a thanki: Iliko, amati ugali. Koma musayembekezere mitanda yofewa ya ufa woyera ngati ya kwanu. Yawo ndi yolimba, imabwera chibulunga chimodzi, kutema kwake mpaka chala chimadandaula. Mukafuna yoyera munene kuti sembe, mukafuna ya mgaiwa munene kuti dona. Malo odyera otchipa ndi kwa amayi ophika m'mbali mwa msewu, amawatchula mama ntilie kapena mama lishe. Lamulo langa ndi limodzi: onani kumene akudya anyamata onyamula katundu ndi oyendetsa bajaji, tinjinga tamoto ta mateyala atatu tonyamula anthu. Pamene pali mzere wa anthu amenewo, chakudya sichigona mumphika, ndiye kuti n'chotentha ndipo mtengo wake ndi wa anthu wamba. Pamene pali mipando yokongola koma mulibe munthu, pitirirani.

Che Mdala wa ku Linga: Mwana wanga Nachisale, iwe ukuchokera kunyanja, dziko la mpunga, ndiye ukapite ku Dar kukasaka nsima? Nsima idzakudikira kwanu. Kumeneko ukadye mpunga. Amauphika ndi tuwi, madzi oyera ofinya ku kokonati wopala, iwo amati wali wa nazi, n'kuikapo nyemba zophikanso ndi kokonati yemweyo. Ukalawe pilau, ndipo ngati Lachisanu likupeze kumeneko, anthu akatuluka mu mzikiti ufunse biriani. Ife a ku Nkhotakota zakudya zimenezi sizachilendo kwenikweni. Mpunga wathu uno unakhazikika nthawi ya a Jumbe, ndipo anthu amenewo anachokera kugombe komweko. Ukadzalawa vitumbua vyawo m'mawa ndi tiyi wa tangawizi udzakumbukira zitumbuwa za kwathu, kungoti vyawo ndi vya ufa wa mpunga.

Amake Yankho: Che Mdala anena zoona, koma awuzeninso kaitanidwe kake. Mukalowa podyera n'kunena kuti mukufuna mpunga, akusekani, chifukwa kwa iwo mpunga ndi uja uli m'munda kapena wosapuntha. Wopuntha ndi mchele, wophika ndi wali. Ndiye tsoka lili apa: ife mchere ndi wothira m'ndiwo. Ine ndinapempha mchere, mtsikana n'kundiyang'ana modabwa, kupita kukhitchini, kubwera ndi kambale ka mpunga wosaphika. Mchere kumeneko ndi chumvi.

Mnyamata wa mafoni ku Dwangwa: Inu ulendo umodzi ngozi ziwiri kkkk

Amake Yankho: Zitatu mwanawe. Yachitatu sindinena.

Mnyamata wa mafoni ku Dwangwa: Ine langa ndi chips mayai basi. Amakazinga tchipisi, kenako amaswera mazira awiri pamwamba mu kachiwaya kakang'ono, n'kutembenuza ngati chikondamoyo. Pamwamba kachumbari, tomato ndi anyezi ndi tsabola, pambali timitengo tiwiri ta nyama yootcha, amati mishkaki. Usiku pa Kariakoo ngodya iliyonse pali munthu akukazinga. Anyamata kumeneko amangoti zege. Komanso aunt, mukamayenda mu Congo Street muja chikwama chikhale kutsogolo, foni musamaitulutse pakati pa chigulu. Anthu amathithikana kuposa msika wa Lilongwe pa Khirisimasi. Kukatentha mugule dafu, kokonati wamuwisi, amakudulirani pomwepo mumwe madzi ake, mukatha akupalirani zofewa za m'kati. Kapena madzi a nzimbe ofinya ndi ndimu ndi jinja. Ine wa ku Dwangwa, ndakulira m'nzimbe, koma zoti nzimbe n'kufinyira mu kapu ndinakazionera ku Taifa.

Nabanda wa ku Chipoka: Ine ndiyankhule zosakoma. Achemwali mukupita ku geni, simukupita kokayenda. Ndalama yakunja mmene ikuvutira panopa, chigwereni kwacha mu Novembala 2023 uja ndi 44 peresenti, shilingi iliyonse imene mwadya ndi nsalu imene simunagule. Ine ndimanyamula kamba wanga kuchoka kuno: mtedza wokazinga, mbatata yootcha, usipa wokazinga m'chigubu, tiyi ndimapempha madzi otentha pa malo ogona. Ndipo masiku anayi achulukitsa. Tsiku lachinayilo ndi ndalama ya chipinda yongotaya. Mukanakwera basi tsiku lachitatu lomwelo.

aPhiri a thanki: Nabanda, usipa wa m'chigubu masiku asanu ndi kutentha kwa Dar? Mudzagula mankhwala a m'mimba ndi ndalama imene mumasungayo.

Nabanda wa ku Chipoka: Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuyenda, sindinadwalepo.

Nachisale wa pa Kamuzu Road: Asisi Nabanda ndakumvani, ndipo mtedzawo ndinyamula. Koma tsiku lachinayilo silochita kufuna. Onyamula katundu anandiuza kuti ndisachoke ndisanaone mabelo anga atakwera ndi kulandira lisiti, ndipo akuti nthawi zina amakweza usiku. Ndiye m'malo mongogona m'chipinda kuwerenga malata, bola ndione nyanja ya mchere imene tinkaphunzira ku pulayimale.

Aphunzitsi opuma a ku Benga: Ndalowa mochedwa, ndinali kumunda. Mayi Nachisale, poti mwatchula za kusukulu, ndiloleni ndiyankhule ngati mphunzitsi. Choyamba, Kariakoo imene mukupitayo dzina lake linachokera ku mawu a Chingerezi akuti Carrier Corps, gulu la anthu onyamula katundu wa asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kuno tinkawatcha amtengatenga, ndipo agogo athu ambiri anatengedwa kukasenza katundu pa nkhondo yomweyo yolimbana ndi Majeremani. Pamalopo ndi pamene panali msasa wawo. Ndiye mukamakaona anyamata atasenza mabelo pamutu m'misewu imeneyo, dziwani kuti ntchitoyo pamalopo ndi yakale.

Pakati pa tauni pali chipilala cha Askari, msilikali wachikuda atagwira mfuti, chinaimikidwa mu 1927 pokumbukira asilikali a nkhondo yomweyo. Chili pa raundabauti, mphindi zisanu zikukwanirani. Kuchoka apo muyende pansi kupita ku National Museum. Muli magalimoto amene ankakwera Julius Nyerere, muli mbiri ya malonda a akapolo, mulinso nkhani ya chigaza chakale chimene Mary Leakey anafukula ku Olduvai mu 1959.

Koma ndikanakhala ine, tsiku limenelo ndikanapita ku Bagamoyo. Ndi makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa Dar, maminibasi amapita tsiku lonse. Ife kuno timanyadira mkuyu wa pa mishoni ku Nkhotakota pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863. Munthu yemweyo atamwalira kwa Chitambo ku Zambia mu 1873, anyamata ake, otsogolera ali Chuma ndi Susi, anaumika thupi lake n'kulinyamula miyezi yambirimbiri mpaka kukafika nalo ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874. Linagona pa mishoni ya Akatolika kumeneko lisanawoloke kupita ku Zanzibar, ndipo nsanja ya tchalitchi chakalecho ilipobe. Tauniyo inalinso likulu la Majeremani asanasamukire ku Dar mu 1891. Ine ndinapitako kamodzi ndili pa ntchito, ndinaima pagombe paja madau akulowa ndi matanga awo, ndipo ndinaona ngati ndili pa doko la kwathu.

Che Mdala wa ku Linga: Aphunzitsi mwalongosola bwino, koma pamodzi ndikonzepo, poti ambiri amasokoneza. Anthu amene ankagwidwa ukapolo kuno sankapita ku Bagamoyo. A Jumbe ankawawolotsa nyanja yathuyi pa madau kupita tsidya la kum'mawa, kuchoka uko ulendo wapansi mpaka ku Kilwa, kum'mwera kwa Dar. Bagamoyo inali mathero a njira ina, yochokera ku Ujiji ndi Tabora. Ndiye amene akufuna kutsata mapazi a abale athu, njira yake ndi ya Kilwa, ndipo kumeneko si kwa tsiku limodzi.

Aphunzitsi opuma a ku Benga: Zoona Che Mdala, sindinati anadzera ku Bagamoyo, koma mwachita bwino kumveketsa. Ambiri a ku Kilwa ankathera pa msika wa ku Zanzibar, umene unatsekedwa mu 1873. Pamalo pa msikawo a mishoni ya UMCA anamangapo tchalitchi chachikulu cha Anglican, ndipo ndi mishoni yomweyo imene inadzafika ku Likoma ndi kuno ku Nkhotakota. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirirapo mtima wa Livingstone.

Mnyamata wa mafoni ku Dwangwa: Ndiye bwanji angopita ku Zanzibar komweko? Boti yothamanga ndi maola awiri okha. Madzulo pa Forodhani amayala matebulo a nsomba zootcha, supu ya urojo, chilichonse. Ine ndimangoonera pa TikTok mtima n'kumawawa.

Nabanda wa ku Chipoka: Iwe ukuonera pa TikTok, mnzako akalipira ndi mpamba. Mlendo pa boti imeneyo salipira mtengo wa eni dziko, amamutchaja wa alendo, ndipo pasipoti amaifunanso polowa. Kupita ndi kubwera ndi belo lathunthu limenelo. Komanso Forodhani yakoyo imayamba dzuwa likalowa, boti zobwerera zitatha. Ndiye kuti agone konko, basi ya m'mawa imusiye ngati amake Yankho.

Amake Yankho: Dzina langa lisamatchulidwe pachabe pano kkkk. Koma Nabanda akunena zoona, Zanzibar ndi ulendo pawokha. Ngakhale Bagamoyo ine ndikukayika. Aphunzitsi, makilomita 70 a ku Dar si 70 a pa M5. Kungotuluka mu tauni kudutsa Mwenge ndi Tegeta mutha kukhala pa mzere wa magalimoto mpaka kutopa. Munthu akudikira foni ya onyamula katundu asapite kutali.

Achemwali, langa ndi ili. Mudzuke m'mamawa, mukwere mwendokasi, mabasi aatali abuluu aja ali ndi msewu wawowawo, anayamba mu 2016. Mutsike kumathero pa Kivukoni. Pomwepo pali msika wa nsomba, amangoti Feri. Inu ndi munthu wa ku Salima, mwaona asodzi akukocheza ku Senga Bay ndi ku Lifuwu, koma zimene mukaone uko ndi zina. Nsomba imodzi yotalika ngati munthu, anyamata awiri kuinyamula. Amagulitsa mokuwa, wina kutchula mtengo wina kukweza, ndipo amayi ogula atakhala ndi mabeseni awo ngati kwathu komwe kuno. Mukagula yanu, tsidya la msewu kuli amayi okazinga, mumawapatsa akukazingireni pomwepo. Mufunse changu kapena kibua, sizidula ngati nguru. Mukatha mukwere pantoni yowolokera ku Kigamboni, mphindi zochepa chabe ndipo mtengo wake ndi wa makobidi. Muli pamadzi mukaona sitima zikuluzikulu zikulowa pa doko, zina mwa izo zitanyamula mafuta ndi feteleza wobwera kuno.

aPhiri a thanki: Ndi bwino kutero. Koma foni isatuluke kujambula pamenepo. Nyumba ya boma, Ikulu, ili pafupi ndi msikawo ndipo asilikali sakonda makamera, pa pantoni pomwe amaletsa. Chinanso, mukakhala pansi kucheza ndi eni dziko, nkhani ya nyanja yathuyi muisiye. Iwo amati Ziwa Nyasa. Ine ndinayesapo kukonza munthu pa dzina limeneli tikudya nyama yootcha ku Chalinze, chakudya chinazizira tikukangana.

Che Mdala wa ku Linga: Ndipo ulemu, mwana wanga. Kwa wamkulu umati shikamoo, iye ayankha marahaba. Pogula usamati ndipatseni, uziti naomba. Mawu awiri amenewa amatsitsa mtengo kuposa kukuwa.

Aphunzitsi opuma a ku Benga: Ndagonja pa za Bagamoyo, koma museum musaisiye, ili pafupi ndi Feri, n'kuyenda pansi. Ndipo popita mupemphe mpando wa pawindo. Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar ndi makilomita opitirira 800. Mukadutsa Iringa mutsika phiri la Kitonga, lokhotakhota ngati Chiweta, kenako chigwa cha milambe yokhayokha m'mbali mwa mtsinje wa Ruaha, kenako msewu umadutsa m'kati mwa nkhalango ya Mikumi makilomita pafupifupi 50. Mbidzi, akadyansonga, njovu nthawi zina, zonsezo osalipira kanthu. Nabanda, pamenepa simungadandaule.

Nabanda wa ku Chipoka: Ine pa Mikumi ndimakhala ndili m'tulo aphunzitsi.

Nachisale wa pa Kamuzu Road: Abale ndabwerako dzulo usiku, miyendo yatupa ngati mitondo koma ndili bwino. Ndinalonjeza kuti ndidzapereka lipoti.

Aphunzitsi, akadyansonga ndinawaona atatu, mmodzi ataima pafupi ndi msewu penipeni akutiyang'ana ngati ife ndiye nyama. Njovu ayi. Basi inatitsitsa pa depoti yaikulu ya Magufuli ku Mbezi usiku, kutali ndi tauni, zimene palibe anandiuza pagulu pano, ndiye ndalama ya bajaji inatuluka yosakonzekera.

Zakudya ndinatsata lamulo la aPhiri. Kuseri kwa shopu imene ndimagula zitenje kunali mayi wina wophika pa mbaula zitatu, mabenchi awiri, anyamata a mabelo ali thoo. Tsiku loyamba ndinaloza ndi chala. Lachiwiri anandizindikira, n'kundifunsa kwathu. Nditati Malawi anaitana mnzake wotsuka mbale, kumeneko ndi mtsikana wa ku Nkhata Bay, ali konko chaka chachitatu. Tinacheza Chichewa chosakaniza ndi Chitonga, ndipo kuyambira pamenepo nyemba zanga zimabwera ndi kanyama pamwamba. Che Mdala, mpunga wa kokonati uja ndadya masiku onse anayi, nsima sindinaifune n'komwe. Ugali ndinalawa kamodzi, aPhiri sananame, ndi mwala.

Tsiku lachinayi ndinafika pa Feri 7 koloko, kapena ndinene kuti saa moja. Fungo lake si la ku Senga Bay, ndi lolemera, la mchere. Mnyamata wina anandiitanira kamba, ine n'kudabwa kuti anthuwa amadya akamba a zigoba? Kupita kukaona, ndi tinthu tofiira tokhala ndi ndevu, ngati dzombe la m'madzi. Ndinagula pang'ono, n'tokoma. Koma chimene chinandigonjetsa ndi pweza, chija cha miyendo isanu ndi itatu. Bambo wina amadula miyendoyo tizidutswa pa thebulo, aliyense akubaya ndi kamtengo n'kuviika mu tsabola. Ndinaima mphindi khumi ndikuyang'ana. Kenako ndinati ndafika kale kuno. Chimatafunika ngati nthutumba ya nkhuku, kungoti chimachedwa kutha m'kamwa. Chidutswa chachiwiri sindinatenge.

Ndinawoloka pa pantoni, tsidya linalo ndinatsikira kugombe n'kutunga madzi m'manja kulawa. Abale, ndi mchere weniweni, wa chumvi osati wa mchele. Chinandidabwitsa china n'choti pobwerera masana madzi anali atathawa, maboti amene m'mawa amayandama ali gone pamchenga. Ndinafunsa ngati kwagwa chilala, anthu kuseka, akuti madzulo abweranso, amatero tsiku lililonse.

Ku museum ndinafika pa geti, foni n'kulira kuti mabelo akukwezedwa ndibwere msanga. Ndiye aphunzitsi mundikhululukire, magalimoto a Nyerere ndinawaphonya. Chipilala cha msilikali ndinachionera pa windo la bajaji.

Nabanda wa ku Chipoka: Ndiye zonsezo zinadya zingati?

Nachisale wa pa Kamuzu Road: Tsiku lonselo, mwendokasi, pantoni, nsomba ndi dafu, sizinafike mtengo wa zitenje ziwiri. Chinandidya ndi bajaji ya usiku ija. Mtedza wanu unandithandiza pa Kitonga, basi itaima maola awiri lole itagwa pakona.

Aphunzitsi opuma a ku Benga: Madzi othawawo ndi mwezi umawakoka mayi, tinaphunzitsa zimenezi mu Sitandade 7. Ulendo wina museum muyambire.

Che Mdala wa ku Linga: Nanga zokometsera za pilau unagula? Mayi ako kuno akufunsa.

Nachisale wa pa Kamuzu Road: Ndagula Che Mdala, hiliki, mdalasini ndi karafuu, zili m'belo la nsapato. Katundu akafika Loweruka ndikupatsirani pa minibasi ya ku Nkhotakota, mudzauze mwana akadikire pa depoti.